Yoga ya mphindi 20 pa mphasa, kwa amene msana wauma ndipo mutu sukupuma

Telala amene wawerama pa mashini kuyambira m'mawa akaimirira, amagwira m'chiuno n'kudziwongola popanda womuuza. Dalaivala wa minibasi amatero, mayi wochokera kumunda amatero, galu wodzuka pakhonde nayenso amatambasula miyendo yakutsogolo n'kukweza mbuyo. Thupi limakudziwa kale kudziwongola. Chimene yoga imawonjezera ndi ndondomeko, komanso kumangirira kuyenda kulikonse kwa thupi ku mpweya umene mukukoka kapena kutulutsa. Mukachotsapo mpweyawo, chotsala ndi masewera olimbitsa thupi wamba.

Yoga kwawo ndi ku India. Dzinali limachokera ku liwu la chinenero chakale cha Sanskrit lakuti yuj, lomwe tanthauzo lake ndi kumanga m'goli, monga timachitira ndi ng'ombe zapangolo. M'buku lakale la mlembi wa ku India, Patanjali, lotchedwa Yoga Sutra muli magawo 8 a yoga, ndipo kaimidwe ka thupi, asana, ndi gawo lachitatu chabe, pomwe kulamulira mpweya, pranayama, ndi lachinayi. Yoga yopindapinda thupi imene timaona pa YouTube inakula kwambiri m'zaka za m'ma 1930 mumzinda wa Mysore ku India, kumene mphunzitsi wa yoga dzina lake Krishnamacharya ankaphunzitsa kunyumba yachifumu. Mmodzi mwa ophunzira ake anali mlamu wake, B.K.S. Iyengar, mnyamata wodwaladwala amene anavutikapo ndi malungo, TB ndi typhoid. Iyengar anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95, ndipo chimene ndimamukondera n'chakuti ndiye anafalitsa zogwiritsa ntchito malamba, mabulangete, mipando ndi timatabwa pothandiza thupi louma. M'malangizo ali m'munsimu chitenje, pilo ndi khoma zigwira ntchito yomweyo, ndipo wina asakuuzeni kuti kutero ndi kubera.

Za ubwino wake tinene zoona, chifukwa pa intaneti pali mabodza ambiri. Umboni wolimba uli pa msana. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti munthu wa msana wowawa kwa nthawi yaitali ayambe wayesa njira zosakhala mankhwala, ndipo yoga inali m'gulu la njirazo. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku Boston ku America, wa anthu 320 ambiri a iwo opeza movutikira, anapeza kuti makalasi a yoga a milungu 12 anathandiza msana mofanana ndi kupita kwa dokotala wa mafizo. Kupuma pang'onopang'ono kumachepetsanso nkhawa ndipo ambiri amagona bwino. Koma yoga sichiza shuga, sichiza BP, sichotsa kachilombo m'thupi. Amene muli pa mankhwala pitirizani kumwa. Ndipo yoga yofatsa ngati iyi silowa m'malo mwa kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga: bungwe la WHO limati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa mlungu za ntchito yothamangitsa mtima pang'ono.

Pali funso limene anthu opemphera amandifunsa, Akhristu ndi Asilamu omwe: kodi yoga si chipembedzo? N'zoona kuti yoga inakulira m'zipembedzo za ku India ndipo kwa ambiri kumeneko ndi njira ya uzimu. Zimene zili pano zilibe nyimbo, zilibe mawu obwerezabwereza, zilibe kugwadira chilichonse. Ndi msana, miyendo ndi mapapo. Ngati mtima wanu sukumasukabe ndi dzinalo, musadzikakamize.

Musanayale mphasa

Msana wina sufuna yoga, ufuna chipatala. Ngati ululu wabwera ndi kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, pitani mukayezetse, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Ngati miyendo ikufooka, kapena mukuchita dzanzi pakati pa ntchafu, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha, pitani lero lomwe. N'chimodzimodzi ngati ululuwo unayamba mutagwa kapena mutachita ngozi. Amayi oyembekezera ndi amene anachitidwa opaleshoni posachedwa ayambe afunsa kuchipatala, ndipo oyembekezera asagone chafufumimba.

Enanu pezani malo oti mutha kugona n'kutambasula manja osagunda tebulo. Simenti ndi yolimba pa mawondo, choncho pindani bulangete muike pamwamba pa mphasa. Ngati pansi m'popaka polishi, mphasa imaterereka, ndiye ndi bwino kuichotsa pochita zoimirira. Vulani nsapato ndi masokosi. Valani zotakasuka. Musachite yoga nsima ili m'mimba: dikirani maola awiri kapena atatu, kapena chitani m'mawa musanamwe tiyi, yomwenso ndi nthawi imene m'nyumba mumakhala bata. Foni ikhale chete, kutali ndi dzanja.

Lamulo limene likugwira paliponse ndi ili: kukoka kwa minofu, kuja kumamveka ngati chingwe chikukungidwa pang'onopang'ono, n'kwabwino. Ululu wobaya, wolasa ngati magetsi kutsikira kumwendo, kapena wa mkati mwa bondo, ukutanthauza kuti mubwerere m'mbuyo. Ndipo mukaona kuti mwagwira mpweya, mano mwaluma, dziwani kuti mwapitirira muyezo wa thupi lanu.

Yambani ndi mpweya, mphindi zitatu

Gonani chagada, pindani mawondo, mapazi aponde pansi. Dzanja limodzi liikeni pamchombo, lina pachifuwa. Pumani ndi mphuno monga mwa masiku onse ndipo muone dzanja limene likuyenda. Ambiri a ife, makamaka tikapanikizika, limayenda ndi lapachifuwa, mapewa n'kumakwera kumakutu. Tikufuna lapamchombo liyambe kukwera, kenako nthiti zitambasukire m'mbali.

Tsopano kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4 chamumtima, ndipo tulutsani mukuwerenga mpaka 6. Musadzaze mapapo mpaka kuuma khosi, mpweya ulowe mwakachetechete. Munthu wamkulu akangokhala amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Kuwerenga kumeneku kumakutsitsirani kufupi ndi ka 6.

Chifukwa chotalikitsira potulutsa n'chakuti mtima umathamangirako pang'ono tikamakoka mpweya, n'kubweza liwiro tikamatulutsa. Amene amaubweza ndi mtsempha wautali wotchedwa vagus, wochokera kuubongo kutsikira kumtima, kumapapo ndi m'mimba, womwe uli mbali ya dongosolo limene limauza thupi kuti kulibe choopsa, lipume ndi kugaya chakudya. Mutha kuzimva nokha: gwirani pamene mtsempha umagunda pamkono, mupume mwa njira imeneyi kangapo, mumve kusiyana kwa kugundako. Mukachita chizungulire, mukukoka mpweya wambiri, bwererani ku kapumidwe kanu kwa kanthawi. Ngati 4 ndi 6 n'zazitali, yambani ndi 3 ndi 4.

Ng'ombe ndi mphaka

Tembenukani mugwade ngati mwana wokwawa, zikhatho pansi pa mapewa, mawondo pansi pa chiuno. Pokoka mpweya, lolani mimba itsike, chifuwa chipite kutsogolo, maso ayang'ane patsogolo pang'ono: msana walowa ngati wa ng'ombe yokalamba. Potulutsa, kankhani pansi ndi manja, msana ukwere kudenga, chibwano chiyandikire chifuwa, ngati mphaka amene waona galu. Bwerezani ka 8 kapena ka 10, ndipo mpweya ndiwo uzitsogolera. Musamalize kupinda msana mpweya usanathe.

M'mawa mudzamva timafupa tikulira. Ngati sipakupweteka, zisiyeni. Amene mfundo za manja zikuwawa afumbate nkhonya, kapena atsamire pa zigongono.

Mukamaliza, bwezani matako kuzidendene, mphumi ifike pansi, manja atambasuke kutsogolo. Iyi amaitcha Balasana, kakhalidwe ka mwana. Matako akapanda kufika, lowetsani pilo pakati pa ntchafu ndi akatumba. Pumani kasanu, mukumva msana ukufufuma ndi mpweya. Kuno ndi kothawira kwanu: paliponse mukatopa, bwererani kuno.

Njoka, pamene ambiri amadzipwetekera

Gonani chafufumimba, miyendo yowongoka, zikhatho pambali pa nthiti, zigongono zitsamire thupi osati kutagadza kunja. Pokoka mpweya dzutsani mutu ndi chifuwa, mchombo ukhalebe pansi. Potulutsa tsikani. Kasanu.

Pachithunzi Bhujangasana, kakhalidwe ka njoka kameneka, imaoneka munthu atawongola manja onse, mutu uli kumbuyo, msana utapindika ngati uta. Ine ndinatengera chithunzicho mlungu wanga woyamba, ndipo masiku atatu otsatira ndinkavala nsapato nditakhala pampando. Mukakankha ndi manja, kupindika konse kumathera pamalo amodzi, m'munsi mwa msana, pomwe pali kale vuto. Yesani motere: mutadzuka, nyamulani zikhatho zichoke pansi pang'ono. Pamene chifuwa chatsalira popanda thandizo la manja, pamenepo ndiye muyezo wanu, ngakhale patakhala potalika ngati bokosi la machesi. Minofu ya m'mbali mwa msana ndiyo ikugwira ntchito, ndipo ndi imene imafooka mwa anthu okhalitsa pa kompyuta. Maso ayang'ane pansi patsogolo panu kuti khosi lisathyokere kumbuyo. Kanikizani misana ya mapazi pansi.

Galu wodziwongola

Bwererani pa manja ndi mawondo. Pindani zala zakuphazi ziponde pansi, kenako potulutsa mpweya kwezani chiuno m'mwamba ndi kumbuyo, thupi likhale ngati denga la nyumba. Tambasulani zala zam'manja. Mutu ulendewere pakati pa mikono.

Iwalani za zidendene kufika pansi. Pindani mawondo mokwanira kuti msana uwongoke, chifukwa msana ndiwo tikuufuna. Mungathe kupinda bondo limodzi n'kuwongola linalo mosinthanasinthana ngati mukuponda dothi loumbira njerwa, akatumba amasuke. Pumani katatu mpaka kasanu, mutsike, mupumule, mubwerezenso kamodzi.

Apa mutu uli m'munsi mwa mtima. Amene BP yawo ndi yokwera ndipo sinakhazikike, amene ali ndi matenda a maso a glaucoma, ndi amene amachita chizungulire akawerama, achite ya pakhoma: imirirani, ikani zikhatho pakhoma molingana ndi chiuno kapena kukwererapo pang'ono, yendani cham'mbuyo mpaka msana utawongoka ngati tebulo. Kunena zoona, ya pakhomayi ndimaikonda kuposa inayo, ndipo mutha kuichita ku ofesi mutagwira tebulo anthu osadabwa kwambiri.

Mtengo

Dzukani pang'onopang'ono, mutu ukhale womalizira. Imani pafupi ndi khoma, mapazi motalikirana pang'ono, kulemera kwa thupi kugawike pa zidendene ndi kuzala. Sankhani kadontho pakhoma la kutsogolo kapena msomali wa kalendala, maso akhale pamenepo. Nyamulani phazi lamanja muliike pa kakolo wakumanzere, zala zikukhudzabe pansi, bondo liloze kumbali. Mukakhazikika, likwezeni lifike pa katumba. Ozolowera amalifikitsa pantchafu, koma pabondo penipeni musaike, bondo silinapangidwe kuti lizikankhidwa cham'mbali. Manja agundane pachifuwa kapena akwere m'mwamba. Pumani kasanu, sinthani mwendo.

Mudzagwedezeka, ndipo kugwedezekako ndiye phunzirolo: timinofu ta m'phazi ndi mu akakolo tikuphunzira kukugwirani. Kwa achikulire zimenezi si zamasewera, chifukwa kugwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno kumagoneka munthu miyezi. Agogo achite dzanja limodzi lili pakhoma, palibe chochititsa manyazi. Vrikshasana, kaimidwe ka mtengo kameneka, ilinso ndi khalidwe limodzi losangalatsa: siilola kuti muziganiza za ngongole. Maganizo akangothawira kwina, phazi limatsika.

Mlatho ndi chitenje

Gonaninso chagada, mawondo opinda, zidendene pafupi ndi matako moti zala zam'manja zingazikhudze. Pokoka mpweya pondani pansi mwamphamvu, chiuno chikwere mpaka mawondo, chiuno ndi mapewa zikhale mzere umodzi. Potulutsa tsitsani msana fupa limodzilimodzi, kuyambira kumtunda. Kasanu ndi kamodzi, ndipo komaliza khalani m'mwamba mupume katatu. Mawondo asatagadze. Mutu usatembenukire kumbali muli m'mwamba, ngakhale mwana akuitaneni. Muyenera kumva ntchito m'matako ndi kumbuyo kwa ntchafu. Mukaimva m'munsi mwa msana, mwakwera kwambiri.

Tengani chitenje chija, chipindeni chikhale ngati lamba. Kolekani phazi lamanja, gwirani nsonga ziwirizo, wongolani mwendo kuloza kudenga, wina ukhale wopinda. Mapewa ndi mutu zikhale pansi. Musakoke ngati mukutunga madzi pachitsime. Fikani pamene kumbuyo kwa ntchafu kwayamba kukungika, imani pomwepo, pumani kasanu ndi katatu. Potulutsa mpweya paliponse mudzaona mwendo ukulola pang'ono wokha. Minofu imeneyi ikafupika imakoka chiuno, ndipo munthu akafuna kutola kanthu pansi amapinda msana m'malo mopinda m'chiuno. Sinthani mwendo. Kawirikawiri umodzi umakhala wouma kuposa unzake, upatseni nthawi yochulukirapo.

Pomaliza kumbatirani mawondo onse pachifuwa, tambasulani manja m'mbali, ndipo mawondowo agwere kumanja pang'onopang'ono. Akapanda kufika pansi, aikireni pilo. Pumani kasanu, kenako kumanzere.

Kugona ngati mtembo

Dzina lake ndi lomwelo, Shavasana, ndipo limachokera ku liwu lotanthauza mtembo. Ena limawaopsa, koma tanthauzo lake n'lakuti palibe chimene mukugwira. Wongolani miyendo, mapazi agwere m'mbali okha, zikhatho ziyang'ane kumwamba. Ngati msana ukudandaula, ikani pilo pansi pa mawondo. M'miyezi yozizira ya June ndi July fundani chitenje, thupi limazizira msanga likangokhala phee. Tsekani maso. Siyani kuwerenga mpweya, uziyenda wokha.

Yendani ndi maganizo m'thupi lonse kuyambira kuzala zakuphazi: akakolo, akatumba, mawondo, chiuno, mimba, manja, mapewa. Mukafika kunkhope muchedweko. Nsagwada zimasuke, mano asagundane, lilime ligone, pakati pa nsidze pasalale. Ambiri timayenda tsiku lonse titaluma mano osadziwa, madzulo n'kumadabwa kuti mutu ukuwawiranji.

Gawo limeneli ndi limene anthu amalidumpha, ati ndi kungogona. Ndi lovuta kuposa onse. Simudzatha mphindi imodzi maganizo asanabwere: fizi ya ana, lendi, mawu amene bwana ananena dzulo, ndiwo za madzulo. Musalimbane nawo, ndipo musadzidzudzule kuti mwalephera. Mukangozindikira kuti mwapita, bwererani kumva mpweya ukukhudza mphuno. Mudzapitanso, mudzabwereranso, mwina ka 20 m'mphindi zinayi. Kuzindikira ndi kubwererako ndi luso limene mukuphunzira, ndipo ndi lomwe lidzakuthandizeni tsiku lina pamzere wa kubanki kapena pakati pa mkangano, pamene mudzamva mtima ukukwera n'kukumbukira kutulutsa mpweya musanayankhe. Amene kutseka maso kumawabweretsera mantha kapena zokumbukira zowawa, atsegule maso ayang'ane kudenga. Ndipo nkhawa ikakhala yoti ikukulepheretsani kudya, kugona kapena kugwira ntchito kwa milungu, kapena mukuganiza zodzipweteka, mphasa siyokwanira, kaonaneni ndi achipatala ndipo muuzeko munthu amene mumamukhulupirira.

Podzuka musadumphe. Pindani mawondo, gubudukirani kumbali, khalani choncho pang'ono, kenako dzikankheni ndi manja mukhale tsonga.

Kangati pa mlungu

Yambani ndi katatu, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Mphindi 20 katatu pa mlungu zimaposa maola awiri a Loweruka lokha, chifukwa minofu imazolowera zimene imakumana nazo pafupipafupi. Tsiku lotsatira mutha kumva kuphwanya pang'ono m'ntchafu ndi m'mapewa, kumatha pakadutsa masiku awiri kapena atatu. Tsiku lopanikizika chitani mpweya, ng'ombe ndi mphaka, ndi kugona komaliza kuja, mphindi 7 zakwana. Musaweruze pa mlungu woyamba. Kumbukirani kuti anthu a ku Boston aja anachita milungu 12. Chizindikiro chabwino si kufika ndi zala kuphazi, koma zinthu zazing'ono: kudzuka pabedi osagwira m'chiuno, kutembenuza khosi poyang'ana m'mbuyo pa njinga. Mukafuna kupitirira pamenepa, monga kuima ndi mutu, pezani mphunzitsi wokuonani ndi maso, kanema sangakuuzeni kuti khosi mwalipinda molakwika.

Usiku tulo tikavuta, pali kapumidwe kena kotchedwa Bhramari, dzina lochokera ku njuchi. Khalani pabedi, tsekani pakamwa, kokani mpweya ndi mphuno, ndipo potulutsa ng'ung'udzani motsitsa mawu, mmmm, mpaka mpweya utatha. Mungatseke makutu ndi zala kuti phokosolo limveke m'mutu. Kung'ung'udzako kumatalikitsa mpweya wotuluka popanda kuwerenga. Chitani kasanu kapena kasanu ndi kawiri. Ingochenjezani amene mumagona nawo chipinda chimodzi, chifukwa kwathu tsiku loyamba anadzuka n'kuyamba kufunafuna chimene chalowa m'neti.